Jezi Yosiyiridwa

Ine ndine wosesa madzi pabwalo.
Loweruka lililonse, nkhungu isanachoke ku Katoto,
ndimafika ndi tsache ndi chigubu chodula pakati
kukankha zithaphwi za mvula ya usiku
kuti simenti iume anyamata asanafike.
Wosesa saoneka, ndiye amamva zambiri.

Chaka chatha timu inaphwasuka ngati katoni yonyowa.
Chawezi wamtali uja anamukopa a ku Lilongwe,
Yotamu analowa usilikali,
mapasa a kwa Msowoya anakwera basi ya ku Joni,
jezi zathu zili m'zikwama zawo mpaka lero.
Inatsala imodzi, nambala folo,
ndiyo takuveka iwe, Fumbani Nyasulu,
mwana wa ku Zolozolo, wolemba mayeso dzana lomweli.
Ikukulekeza m'mawondo ngati jekete lobwereka la paukwati.

Magemu atatu sanakwane n'komwe
koma tamva mtolo umene akusenzetsa.
A Mzumara a kabaza akuti chikho udzabweretsa ndiwe,
abetcherana ndi mlamu wawo tambala amene alibe.
Mayi wa nthochi pageti akuti uziponya wekha,
"akuwagawiranji anzake a manja a sopo aja?"
Mkulu wa chipewa chaubweya,
amene chibadwire sanagwirepo mpira wa basiketi,
akuti uzigawa, usamaumire.
Ponya! Gawa! Thamanga! Dekha!
Pakamwa makumi asanu, manja ako awiri okha.

Dzina lako kwanu limati funsani
koma palibe wakufunsa
ngati walawa kanthu m'mawa muno,
ngati bondo lija lasiya kutupa,
ngati nsapato za pakaunjika, yakumanzere yokulirapo,
zikugwirabe pamene simenti yachita ndere.

Ndinalipo tsiku lija anatikwapula.
Kotala yomaliza, unanjanjitsa mpira pakati pa miyendo,
maso kumanja, dzanja kumanzere,
mpira n'kuuluka mwaukhondo
kukafika pamalo pamene Chawezi ankaima.
Panalibe munthu.
Unakagunda mpanda, galu wogona n'kudzidzimuka.
Bwalo lonse linakuwiza,
wina anati ubwerere kukabwereza fomu folo,
a Mzumara anapalasa njinga osatsanzika.

Ine ndinaima ndi tsache langa, ndinaona zina.
Mpira uja sunasochere ayi, unangolawirira.
Unapita kumene timu idzakhale
miyezi ikadzapita,
Lusekelo akadzaphunzira kuthamangira pakona paja
asanaitanidwe.

Bambo anga ankagwira ntchito ku Chikangawa.
Ankati phiri likametedwa
subwerako ndi macheka chaka chamawa,
umabzala mbande, n'kumalimbana ndi moto ndi mphepo,
matabwa adzaone ndi ena.
Koma ochemerera safuna mbande, mwana iwe,
akufuna mthunzi lero lomwe, isanakwane faifi.

Lolemba madzulo ndinabwerera kudzatenga chigubu changa.
Mvula inkawaza, kuzizira kolowa m'mano.
Ndinakupeza wekha pansi pa mkombero wopanda ukonde,
ukuponya, kutola, kuponya,
ukuwerenga chapansipansi m'chinenero cha amayi ako.
Wolowa unkawerenga kamodzi,
wophonya unkawerenga kawiri.
Utandiona sunanene kanthu,
unangondilanda tsache
n'kusesa wekha chithaphwi cha pamzere woponyera,
mosalongosoka, madzi akubwerera kumapazi ako.

Ndinafuna kukuuza kuti osadandaula,
kuti palibe akuthamangitsa.
Ndinakhala chete, chifukwa likanakhala bodza.
Loweruka likubwerali, wezulo ikadzalira,
udzamva mawu amodzi osasa kuseri kwa benchi
akukuwa kuposa a Mzumara,
akufuna zonse, akuzifuna pompano.
Usadzatembenuke.
Adzakhala anga.